Funsani Azamba: Kodi dzira limatuluka tsiku liti?

Makalata ambiri amene ndalandira ulendo uno akukamba nkhani imodzi, ngakhale eni ake sakudziwana. Wina akufuna mimba, wina akuithawa, ndipo bambo wina watsala pang'ono kupasula banja lake. Onsewa chikuwazunguza mutu ndi tsiku limene dzira limatuluka m'thupi la mayi. Mayina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Azamba, ndili ndi zaka 27 ndipo ndakhala pabanja miyezi khumi koma mimba sikuoneka. Amuna anga amagwira ntchito kutali, amabwera kunyumba masiku atatu okha pamwezi. Pulogalamu ya pafoni inandiuza kuti dzira limatuluka pa tsiku la 14, ndiye tinagwirizana kuti azibwera kuyambira tsiku la 12 mpaka la 14. Miyezi yapitayi ndinayamba kusamba pa 3 Malichi, pa 7 Epulo, pa 11 Meyi ndi pa 15 Juni. Apongozi ayamba kuyankhula mokuluwika. Kodi ndine chumba? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mwana wanga, mwachita bwino kusunga madeti, chifukwa yankho lanu lili m'madeti momwemo. Tiyeni tiwerenge. Kuchokera pa 3 Malichi kufika pa 7 Epulo ndi masiku 35. Kuchokera pa 7 Epulo kufika pa 11 Meyi ndi masiku 34, ndipo kuchokera pamenepo kufika pa 15 Juni ndi masiku 35. Mwezi wanu ndi wautali koma ukuyenda mwadongosolo, ndipo mulibe vuto nawo. Kwa mayi wamkulu, mwezi wa masiku 21 mpaka 35 timauona kuti ndi wabwinobwino. Chimene chakusokonezani ndi tsiku la 14 limene foni inakupatsani. Tsiku limenelo ndi la mayi amene mwezi wake uli ndi masiku 28, ndipo amayi ambiri mwezi wawo sukwana ndendende masiku amenewo. Inuyo dzira lanu likutuluka cha pa tsiku la 21. M'mwezi umene unayamba pa 11 Meyi uja liyenera kuti linatuluka pa 31 Meyi kapena pa 1 Juni, pomwe amuna anu anali atanyamuka kale pa 24 Meyi. Akumabwera msanga ndi sabata yathunthu.

Ndifotokoze bwino chifukwa chake, poti ena amene andilembera apezanso yankho pomwepa. Tsiku loyamba kuona magazi ndilo tsiku loyamba la mwezi wanu, osati tsiku lomaliza kusamba monga ambiri amawerengera. Magazi akadali kutuluka, kachiwalo kakang'ono kamene kali pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary, kamatumiza homoni (mankhwala opangidwa m'thupi onyamula uthenga) yotchedwa FSH kumatumba awiri a mazira. M'matumbamo timatuza tingapo todzaza madzi timayamba kukula, kalikonse ndi dzira lake m'kati. Pakapita masiku, kamodzi kamapitirira tinzake ndipo tinato timafota. Kathuza kotsogolaka kamapanga homoni ya estrogen, imene imakhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, imasinthanso chikazi cha pakhomo la chiberekero kuti chikhale choterera. Estrogen ikachuluka mokwanira, kachiwalo kaja kamatulutsa homoni ina, LH, yambiri pakamodzi. Pakatha maola 24 mpaka 36, kathuza kaja, kamene tsopano kafika pafupifupi masentimita awiri, kamaphulika. Dzira lenilenilo ndi laling'ono kwambiri, pafupifupi 0.1 milimita, ndipo likangotuluka limakokeredwa mu chubu, njira yopita kuchiberekero. Mmenemo ndi mmene limakumanirana ndi mbewu ya bambo ngati ilipo.

Kathuza kophulika kaja sikuti katha ntchito. Kamasanduka kamnofu kachikasu kopanga progesterone, homoni yosunga khungu la chiberekero kuti likhale lokonzeka kulandira mimba. Koma kamnofuka kamakhala pafupifupi masabata awiri basi. Mimba ikapanda kukhazikika kamafota, progesterone imatsika, khungu lija limasupuka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Umenewo ndiwo msambo. Ndiye onani bwino: msambo umabwera pambuyo pa dzira. Dzira likafulumira, msambo umafulumira. Likachedwa, msambo umachedwanso.

Gawo lachiwirili, kuchokera pa kutuluka kwa dzira kufika pa msambo, silisinthasintha kwambiri. Kawirikawiri ndi masiku 14, ena amachepera pang'ono, ena amapitirira pang'ono. Limene limatalika kapena kufupika ndi gawo loyamba lija, malinga ndi thupi la mayi, ndipo mwa mayi yemweyo likhoza kutalika mwezi wina chifukwa cha matenda, nkhawa kapena kuonda kwambiri. N'chifukwa chake ife timawerenga chobwerera m'mbuyo: tengani tsiku limene mukuyembekeza kuyamba kusamba, chotsanipo masiku 14. Nzeru imeneyi si yadzulo. Madokotala awiri, Kyusaku Ogino wa ku Japan ndi Hermann Knaus wa ku Austria, anaitulukira m'zaka za m'ma 1920, aliyense payekha. Patha zaka pafupifupi 100, koma tikadauzanabe za tsiku la 14, ndipo tsopano ndi mafoni omwe alowerera.

Dzira likatuluka limakhala ndi moyo maola 12 mpaka 24 okha. Imene imakhalitsa ndi mbewu ya bambo: ikapeza chikazi choterera ikhoza kudikira m'njira za mayi mpaka masiku asanu. Choncho masiku amene mimba ingachitike ndi asanu ndi limodzi, kutanthauza masiku asanu dzira lisanatuluke ndi tsiku lotulukalo. Opambana mwa amenewa ndi awiri kapena atatu omalizira, chifukwa mbewu imafunika kufika kaye n'kudikira dzira. Kwa inu masiku amenewa akugwa pakati pa tsiku la 16 ndi la 22. Ngati amuna anu sangathe kukhala kupitirira masiku atatu, apemphe kuti tchuthi chawo chizigwa pa tsiku la 19, la 20 ndi la 21 la mwezi wanu. Muwerengenso zimene ndamuyankha mtsikana amene ali m'munsimu za chikazi, chifukwa thupi lanu lidzakuuzani zoona kuposa kalendala. Palinso timapepala toyezera LH mu mkodzo, timene timagulitsidwa m'mafamase ambiri. Mzere wachiwiri ukada mofanana ndi woyamba kapena kuposa, dziwani kuti dzira lituluka tsiku lotsatira kapena linalo.

Za uchumba iwalani kaye. Miyezi khumi imene mwakhala mukuphonyana ndi dzira si umboni wa kanthu. Ngakhale banja lathanzi, logona nyumba imodzi usiku uliwonse, mwayi wake wotenga mimba m'mwezi umodzi ndi pafupifupi umodzi mwa inayi kapena isanu. Kuchipatala timayamba kufufuza pakatha chaka chathunthu banja likukhalira malo amodzi pafupipafupi popanda kulera, kapena miyezi 6 ngati mayi wafika zaka 35. Ikadzakwana nthawi imeneyo, mupite nonse awiri. Pafupifupi theka la mabanja ovutika kubereka, vuto limakhalanso kumbali ya bambo, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta kuposa kuyeza kulikonse kumene timachita pa mayi. Padakali pano yambani kumwa vitamini ya folic acid, mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, chifukwa imateteza msana ndi ubongo wa mwana m'masabata oyambirira, mayi asanadziwe n'komwe kuti waima. Apongoziwo si ntchito yanu kuwayankha. Awayankhe mwana wawo.

FUNSO: Amayi, ndine mtsikana wa zaka 18 ndipo sindinagonanepo ndi mwamuna. Koma mwezi uliwonse, pakati pa msambo ndi msambo wina, ndimamva kubaya mbali imodzi ya pachinena, ndipo kumusi kumatuluka zamadzimadzi zoterera mpaka panti kunyowa. Mnzanga akuti ndi matenda opatsirana. Ndikuchita manyazi kupita kuchipatala. — Mtsikana wapasukulu

YANKHO: Khazika mtima pansi, mwana wanga. Zimene walongosolazi ndi zizindikiro ziwiri zodziwika bwino za kutuluka kwa dzira, ndipo amayi ambiri achikulire kuposa iwe sanaziikirepo chidwi.

Chikazi chimasintha mwezi wonse, ndipo ukhoza kudzionera wekha. Samba m'manja, pukuta kumusi ndi tishu yoyera usanakodze, ndipo yang'ana chimene chatsalapo. Ukangomaliza kusamba, masiku angapo umakhala wouma. Kenaka pamabwera chikazi choyera, chomata, chimene ukachigwira pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kutambasula zala, chimaduka nthawi yomweyo. Dzira likayandikira chimachuluka, chimayera mbee moti ukhoza kuonera kuseri, chimaterera, ndipo ukatambasula zala chimatamuka masentimita angapo osaduka, ngati choyera cha dzira laliwisi la nkhuku. Ngakhale poyenda umamva kuti kumusi kwanyowa. Imeneyo ndi ntchito ya estrogen. Dzira likatuluka, progesterone imachilimbitsa n'kutseka khomo la chiberekero, ndipo umabwerera kukhala wouma kapena womata mpaka msambo. Tsiku lomaliza kuona choterera chija ndilo layandikana kwambiri ndi tsiku la dzira. Ungodziwa kuti umuna, mafuta ofewetsa kumusi ndi matenda a kumusi zimasokoneza maonekedwe amenewa.

Kubaya kuja kumachokera ku thumba la mazira limene likutulutsa dzira mwezi umenewo. Kathuza kamakhala katatupa, ndipo kakaphulika timadzi ndi timagazi tochepa timagwera m'mimba n'kuwawitsa. Ena amamva mphindi zochepa, ena tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ambiri samva kanthu. Mwezi uno kukhoza kukhala kumanja, wamawa kumanzere, kapena kumanja miyezi iwiri yotsatizana, chifukwa matumbawo sasinthana mwa mzere. Ena amaonanso kadontho ka magazi. Panado ndi nsalu yofunda pamimba n'zokwanira.

Pali chizindikiro chachitatu chimene sumachimva koma chimayezeka. Dzira likatuluka, thupi limatentha pang'ono, pafupifupi madigiri 0.3 mpaka 0.5, ndipo limakhala choncho mpaka msambo. Amene akufuna kuchiona amayeza m'mawa uliwonse asanadzuke pabedi, n'kumalemba. Ine njira imeneyi sindiikonda kwa amene akufuna mimba, chifukwa imakuuza dzira litadutsa kale, ndipo kachimfine kapena kugona mochedwa kumasokoneza manambala. Ubwino wake ndi wotsimikizira kuti dzira likutulukadi.

Tsopano manyazi aja uwachotse, chifukwa pali nthawi imene kuchipatala sungakupewe. Chikazi chikamanunkha, chikakhala chobiriwira kapena chachikasu, chamibulumibulu, kapena kumusi kukamayabwa ndi kuotcha pokodza, kayezetse. Ena mwa mavuto amenewa amagwira ngakhale mtsikana amene sanagonanepo ndi munthu, ndiye palibe amene akakuyang'ane ndi diso loipa. Kupweteka kwa kumanja kumene kukukulirakulira, pamodzi ndi kutentha thupi ndi kusanza, kukhoza kukhala apendikisi. Ndipo kwa owerenga amene amagonana: mukadumphitsa msambo kenaka n'kumva kupweteka kwambiri mbali imodzi, chizungulire, kutuluka timagazi kapena kupweteka paphewa, ikhoza kukhala mimba yomera mu chubu. Imeneyo siyembekeza kuti kuche. Ndaonapo amayi akufika atayera m'maso ndi m'zikhatho chifukwa choganiza kuti ndi cham'mimba wamba.

FUNSO: Azamba, mkazi wanga anabereka miyezi isanu ndi itatu yapitayo. Akuyamwitsa ndipo chiberekereni sanasambepo. Sabata yatha kuchipatala anamupeza ndi mimba ya miyezi iwiri. Ine ndimadziwa kuti mkazi woyamwitsa amene sanayambe kusamba satenga mimba. Ndikuona ngati pali chimene akundibisira, kaya anayamba kusamba osandiuza, kaya pali mwamuna wina. Kunyumba sitikuyankhulana. — Bambo wokwiya

YANKHO: Bambo, ndikufunseni kaye. Ngati mayi woyamwitsa satenga mimba, ya mwamuna winayo akanaitenga bwanji? Thupi silifunsa kuti mbewu ndi ya yani. Pa zimene mwalembazi sindikuonapo chifukwa chokayikirira akazi anu.

Dzira limayamba kutuluka, msambo n'kutsatira pakapita masabata awiri. Ndiye mayi amene wabereka, dzira lake loyamba likhoza kutuluka asanaone dontho la magazi. Likakumana ndi mbewu, msambo umene mumaudikirawo subweranso, chifukwa mimba yalowa kale. Akazi anu akunena zoona kuti sanasambe.

Kuyamwitsa kumaletsadi dzira, simunalakwitse kwathunthu. Mwana akamayamwa pafupipafupi, thupi la mayi limapanga homoni ya prolactin yambiri, ndipo ubongo umasiya kutumiza uthenga wokhwimitsa mazira. Koma chitetezo chimenechi chimadalirika pokhapokha zinthu zitatu zikakhalapo nthawi imodzi: mwana asanakwanitse miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku popanda chakudya kapena chakumwa china, ndiponso mayi asanayambe kusamba. Zitatuzi zikakwana, mwa amayi 100 aliwonse, amene amatenga mimba ndi pafupifupi awiri okha. Chimodzi chikachokapo, chitetezo chatha. Werengani nokha: mimba ya miyezi iwiri, mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Mimbayi inalowa mwana ali ndi miyezi 6, nthawi imene ana amayamba zakudya zina n'kumagona nthawi yaitali usiku osayamwa. Kwa mayi wosayamwitsa n'kofulumira kuposa apa, moti timalangiza kuti kulera kuyambe pakangotha masabata atatu atabereka.

Chimene chikundidetsa nkhawa ine ndi thupi la mayiyu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti padutse miyezi 24 mayi atabereka asanatenge mimba ina, chifukwa magazi ndi mphamvu zimafunika kubwerera. Iye akuyamwitsa mwana wina, wina ali m'mimba, ndipo mwamuna wake sakumuyankhula. Ayambe sikelo msanga, amwe mapiritsi oonjezera magazi, adye mokwanira. Asamuchotse mwana kubere mwadzidzidzi, mkaka suwonongeka chifukwa cha mimba, pokhapokha achipatala ataona chifukwa china. Inuyo mupepese, ndipo tsiku la sikelo mupite nawo.

FUNSO: Ndinakhala pa jakisoni wolera zaka zitatu. Ndinasiya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo chifukwa tikufuna mwana wina, koma mpaka pano sindikusamba. Anzanga akuti magazi anaundana m'chiberekero ndipo mazira anga anafa. — Mayi wa ana awiri

YANKHO: Mayi, zonse ziwirizo n'zabodza. Jakisoni wa miyezi itatu iliyonse, monga Depo-Provera, amagwira ntchito poletsa dzira kutuluka, ndipo amapyapyalitsa khungu la m'chiberekero. Khungu likapanda kukhuthala, palibe choti chisupuke. Magazi sakubisala penapake, sanapangidwe n'komwe. Mazira nawonso alipo. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira pakati pa 1 miliyoni ndi 2 miliyoni, pofika potha msinkhu amatsala cha m'ma 300,000 kapena 400,000, ndipo moyo wake wonse amene amatuluka ndi pafupifupi 400 mpaka 500. Ena onsewo amafota okha pang'onopang'ono, kaya mukulera kaya simukulera. Jakisoni saonjezera kapena kuchepetsa nkhokwe imeneyi.

Chimene achipatala ena amaiwala kunena pobaya n'chakuti jakisoni ameneyu amachedwa kuchoka m'thupi kuposa njira zina. Kuwerenga kuchokera pa jakisoni womaliza, amayi ambiri amatenga mimba pakapita miyezi khumi, ena chaka, ena kupitirirapo. Sizidalira kuti munabayitsa zaka zingati. Mapiritsi, lupu ndi implanti zikachotsedwa dzira limabwerera msanga, nthawi zambiri mwezi woyamba womwewo. Inu muli pa miyezi isanu ndi iwiri, ndiye mukadali m'nthawi yake. Muziyang'ana chikazi choterera, chifukwa nanunso dzira likhoza kubwera msambo usanaoneke. Muziyezetsa mimba nthawi ndi nthawi. Chaka chikatha chibayireni jakisoni womaliza osaona msambo, pitani akakuoneni. Mankhwala ongogula akuti otsuka m'chiberekero muwapewe, mulibe choti chitsukidwe.

FUNSO: Tili ndi ana aakazi atatu. Ndinamva kuti mukagonana tsiku lenileni lotuluka dzira mumabereka mwana wamwamuna. N'zoona? — Bambo wa ana atatu

YANKHO: Ayi, bambo. Anthu anaziyesa n'kuwerenga ana obadwa, ndipo tsiku silinasinthe kanthu. Dzira la mayi nthawi zonse limanyamula X. Mbewu ya bambo ndiyo imabwera ndi X kapena Y, ndipo imene yalowa m'dzira ndiyo imagamula. Mimba iliyonse mwayi ndi pafupifupi theka kwa theka, ngakhale mutakhala ndi atsikana atatu kale. Mukamva wina akuwaloza chala akazi anu pa nkhaniyi, muuzeni kuti mbali imeneyo ndi yanu.

FUNSO: Azamba, sindikufuna mapiritsi kapena jakisoni, ndimawerenga masiku. Mwezi wanga ndi wa masiku 24, nthawi zina 25, ndipo ndimasamba masiku asanu ndi limodzi. Ndinauzidwa kuti sabata yoyamba ukamaliza kusamba ndi yotetezeka. Kodi ndikuchita bwino? — Mayi wa zaka 31

YANKHO: Achemwali, mwakhala ndi mwayi basi. Chotsani 14 pa 24, mutsala ndi 10. Dzira lanu likutuluka cha pa tsiku la 10, ndipo poti mbewu imadikira masiku asanu, nthawi yoopsa kwa inu ikuyamba pa tsiku la 5, musanamalize n'komwe kusamba. Sabata imene munauzidwa kuti ndi yotetezekayo, tsiku la 7 mpaka la 13, muli masiku anu enieni otengera mimba. Apa ndayankhanso amene amafunsa ngati mayi angatenge mimba ali kumwezi: ngati mwezi wake ndi waufupi, zimatheka.

Kuwerenga masiku sindikunyoza, koma kuli ndi malamulo ake. Njira ya mikanda, imene inakonzedwa ku Georgetown University ku America, ili ndi mkanda wofiira wa tsiku loyamba kusamba ndi mikanda yoyera ya tsiku la 8 mpaka la 19, masiku amene mumapewa kugonana kapena kugwiritsa ntchito kondomu. Ndi masiku 12 athunthu mwezi uliwonse, ndipo bambo ayenera kuvomereza, apo ayi mikandayo ingokhala yokongoletsa khoma. Inapangidwira amayi amene mwezi wawo uli pakati pa masiku 26 ndi 32. Inu simuli m'gulu limenelo, ndipo mayi woyamba uja wa masiku 35 nayenso sali m'gulumo. Ngakhale kwa oyenerawo, mwa amayi 100 ogwiritsa ntchito njirayi monga anthu amachitira tsiku ndi tsiku, pafupifupi 12 amatenga mimba m'chaka choyamba. Pa lupu kapena implanti safika ndi mmodzi yemwe. Ngati chimene mukuthawa ndi mahomoni, funsani za lupu ya kopa, imene ilibe homoni iliyonse ndipo dzira limapitiriza kutuluka monga kale. Ngati mukufunabe njira yachilengedwe, phunzirani kuyang'ana chikazi kwa munthu wophunzitsidwa bwino, ndipo tsiku lililonse limene mwaona chikazi cha mtundu uliwonse, lero kapena dzulo, muliyese loopsa. Kumbukiraninso kuti kalendala siteteza ku HIV kapena matenda ena opatsirana pogonana. Kondomu ndiyo imatero.

Mukaphonya, mapiritsi a pangozi alipo. Amagwira ntchito pochedwetsa dzira kuti mbewu ife lisanatuluke, ndipo sachotsa mimba imene yakhazikika kale. N'chifukwa chake amafunika kumwa msanga, makamaka m'maola 72 oyamba. Dzira likakhala kuti latuluka kale, thandizo lake ndi lochepa kwambiri, ndipo pamenepo lupu ya kopa yoikidwa m'masiku asanu ndiyo yodalirika.

FUNSO: Ndili ndi zaka 25. Ndimasamba katatu kapena kanayi pachaka, ndipo ndikasamba magazi amakhala ambiri. Ndamera tsitsi pachibwano, ziphuphu sizitha, ndipo ndikunenepa. Kodi dzira langa limatuluka? Ndidzabereka? — Mtsikana wa nkhawa

YANKHO: Limatuluka mwa apo ndi apo, mwana wanga, ndipo zimene mwalembazi zikufanana ndi vuto lotchedwa PCOS, ngakhale pa kalata pokha sindingagamule. Ndi vuto lofala kwambiri mwa amayi a msinkhu wobereka. Timatuza tambiri timayamba kukula m'matumba a mazira, koma palibe kamene kamapitirira tinzake n'kuphulika. Mahomoni achimuna, amene mayi aliyense ali nawo pang'ono, amachuluka, ndiye tsitsi ndi ziphuphu zimenezo.

Apa ndiyenera kuonjezera pa zimene ndanena kumayambiriro. Si magazi onse amene amatsatira dzira. Dzira likapanda kutuluka, progesterone sipangidwa, estrogen imangokhuthalitsa khungu la chiberekero mwezi ndi mwezi mpaka limasupuka lokha mosalongosoka, nthawi zambiri ndi magazi ochuluka. Zoterezi zimachitikanso kwa atsikana m'zaka zoyambirira atatha msinkhu, ndi kwa amayi oyandikira kusiya kusamba, kumene kwa ambiri kumachitika pakati pa zaka 45 ndi 55. Kwa inu, khungu kukhala miyezi yambiri osasupuka si bwino, chifukwa pakapita zaka limaonjezera chiopsezo cha khansa ya m'chiberekero. Ndiye ngakhale simukufuna mwana panopa, musangokhala. Dokotala akhoza kukupatsani mapiritsi oti muzisamba mwadongosolo kapena oteteza khungulo.

Kubereka n'kotheka. Amayi ambiri a PCOS amabereka, ena popanda thandizo, ena ndi mankhwala okhwimitsa dzira monga letrozole kapena clomiphene, amene amafunika kulemberedwa ndi dokotala chifukwa akhoza kutulutsa mazira angapo pakamodzi. Kwa amene thupi lakula, kuchepetsako ngakhale makilogalamu 5 pa 100 aliwonse a kulemera kwawo kumathandiza ena kuti dzira liyambenso kutuluka. Mukadzafuna mimba musadikire chaka chija, pitani msanga. Ndipo musaganize kuti kusamba patalipatali ndi kulera, chifukwa dzira likhoza kutuluka mwezi umene simukuliyembekeza.

Popita kuchipatala tengani kabuku ka madeti onse amene munasamba chaka chathachi, ndi masiku amene magazi anatenga. Akakuyezeni mimba kaye, kenaka chithokomiro ndi prolactin, chifukwa zimenezi nazonso zimaletsa dzira ndipo mankhwala ake ndi ena. Mupemphenso akuyezeni shuga ndi kuthamanga kwa magazi, poti PCOS imayenda limodzi ndi matenda a shuga. Timapepala ta LH tija musawononge nato ndalama, chifukwa kwa amayi ena a PCOS homoni imeneyi imakhala yokwera nthawi zonse, ndipo mzere umaoneka ngakhale dzira silikubwera.